Mkango Umene Makolo Anali Kuuombera M'manja

Mu Lusaka zilombo zinatsala m'maina cabe. Ku Leopards Hill timapitako kukaika maliro, ndipo palibe amene amayang'ana m'mitengo kuopa kambuku. Ku Matero kuli timu ya mpira ya Lusaka Tigers, ngakhale kuti taiga, cilombo camizeremizere cija ca ku India, sanakhaleko m'thengo la Africa. Pa ndalama zamapepala zimene zinatuluka mu 2013, mkango unali pa K5 ndipo kambuku anali pa K50. Kondakita wa minibasi ya ku Chawama anali kupinda mikango yambirimbiri m'zala zake tsiku lililonse osaiganizira n'komwe. Mwana wobadwira ku Kanyama kapena ku George angathe kukula mpaka kukalamba osamvako kubangula kwa mkango usiku.

Makolo a ambuya athu anali kuumva. Ambiri a ife a m'makomboni muno mizu yathu ili ku Petauke, Nyimba, Katete, Chipata, Luangwa, Tete kapena ku Malawi, ndipo kumeneko mkango, umene Ansenga amati nkalamu, unali mnansi weniweni. Nyumba zinali za mitengo ndi udzu, mfuti zinali zocepa, ndipo madzi anali kutungidwa pamalo pomwe zilombo zimamwera. Nanga anthu anakhala bwanji ndi mnansi wotere kwa zaka mazanamazana?

Mikondo ndi mbuna zinathandiza ndithu. Koma cacikulu n'cakuti makolo anaulowetsa mkango m'malamulo a mudzi. Anaupatsa dzina, udindo ndi ulemu, ndipo anali kuyembekezera kuti nawonso usunge mwambo. Ku India kuli anthu ochedwa Warli amene akali kucita zofanana ndi zimenezi mpaka lero, m'mphepete mwa mzinda waukulu kuposa Lusaka kangapo. Tifikako kumeneko, koma tiyambire ku Zambezi.

Mfumu yobwera usiku

Kuciyambi kwa 1856, David Livingstone anali kutsika ndi mtsinje wa Zambezi. Anadutsa pa Zumbo, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, tsidya lina la tauni ya Luangwa imene kale inali kuchedwa Feira. Atawoloka mtsinje kulowera ku Tete, anadabwa ndi kuculuka kwa mikango. Eni dziko sanali kuisaka. Anali kunena kuti mizimu ya mafumu awo imalowa m'mikango, ndipo munthu akakumana nawo anali kuomba m'manja monga momwe amacitira pofika pamaso pa mfumu. Livingstone anaonanso timisasa tomangidwa m'mitengo, mogona apaulendo amene dzuwa lawalowera ali m'thengo. Ulemu unalipo, kucenjera nakonso kunalipo. Munthu anali kuiombera mfumu m'manja, kukada n'kukagona mumtengo.

Mu 1860 Livingstone anadutsanso m'cigwa comweco, akuperekeza Amakololo amene anali kubwerera kwawo. Pafupi ndi mathithi a Kebrabasa, pamene lero pali damu ya Cahora Bassa, anakumana ndi munthu amene anthu anali kumuchula Pondoro, kutanthauza kuti amasanduka mkango. Munthuyu anali kusowa pamudzi kwa masiku angapo. Mkazi wake anali kumuikira cakudya ndi mowa m'kanyumba ka m'thengo, ndipo iye pobwerera nthawi zina anali kuuza anthu kuti akatenge nyama imene wawaphera. Akapita kumalo amene wanena, anali kupezadi njati kapena mphalapala yakufa.

Pa ulendo womwewo, usiku wina mkango unabwera pafupi ndi msasa utamva fungo la nyama ya njati. Mmodzi wa Amakololo, Tuba Mokoro, m'malo mokhala cete ndi mantha, anayamba kuudzudzula mokweza. Anaufunsa kuti ndi mfumu ya mtundu wanji imene imazemba mumdima kudzaba nyama ya alendo m'malo mokadziphera yake, ndiponso ngati ilibe manyazi. Mnzake wina anaukumbutsa mofatsa kuti iwo ndi apaulendo amtendere, sanaphe munthu ndipo sanabe kanthu m'dziko lake.

Livingstone analemba zimenezi monga nkhani yoseketsa. Koma tamverani bwino zimene amuna awiriwo anali kucita. Anali kuuzenga mlandu mkangowo. Kwa iwo cilomboco cinali ndi udindo, ndipo udindo uli ndi malamulo ake: mfumu imadyetsa alendo, siiba, siicitira nkhanza osalakwa. Munthu ukhoza kukangana ndi mnansi wotere, kumucititsa manyazi, ngakhale kupangana naye.

Mikango itatu

M'Cinyungwe ca ku Tete, mkango ndi mphondolo. Ashona amati mhondoro, ndipo liwu limeneli limatanthauza mzimu wa mfumu yakale. Pondoro wa Livingstone ndi liwu lomweli. M'cigwa ca Zambezi anthu anali kukhulupirira kuti mfumu yaikulu ikamwalira, mzimu wake umapita m'thengo n'kulowa mu mkango. Pakapita nthawi umasankha munthu, mwamuna kapena mkazi, woti uzilankhuliramo. Munthuyo anali kuvala nsalu yakuda, kapena yakuda ndi yoyera, ndipo mzimu ukamugwira anali kubangula.

Nchito ya mhondoro inali kusunga dziko. Ndiye anali kupempherera mvula, kuvomereza mfumu yatsopano, ndi kuika malamulo a nthaka: tsiku losagwira khasu, limene Ashona amati chisi, nkhalango zosadula mitengo, kusakhetsa magazi a munthu, kusagonana pacibale. Anthu akasunga zimenezi mkango wa mzimu sunali kuwavuta. Anali kungoona mapazi ake m'mawa n'kudziwa kuti mwini dziko anayendera anthu ake.

Kwa Acewa nkhani ya mvula inali kwambiri m'manja mwa Makewana wa ku Msinja ndi nsato yochedwa Thunga, koma mkango unali wa ufumu. Akuluakulu anali kunena za mafumu amene anadya mankhwala ali moyo kuti akafa adzauke ngati mkango kapena kambuku. M'gule wamkulu muli cilombo ca Mkango. Kwa Angoni cikopa ca mkango ndi ca kambuku ndi covala ca ufumu, monga aliyense amene anapitako ku Nc'wala ku Mtenguleni anadzionera. Ku Nyimba kuli ufumu wa Nyalugwe. Pa cizindikiro ca dziko la Malawi paimirira mkango ndi kambuku.

Conco kwa makolo mkango sunali umodzi. Unalipo mkango wa m'thengo, umene umadya mbidzi ndi njati n'kumathawa anthu. Unalipo mkango wa mzimu, umene umayang'anira dziko ndi kulanga osamvera. Ndiye panali mkango wotumidwa, umene mfiti yaupanga kapena yausandukira kuti ukaphe mdani wake. Mkango ukalowa m'khola kapena kugwira munthu, funso loyamba la akuluakulu linali lakuti ndi uti mwa itatuyi. Anali kupita kukaombeza ula, ndipo zikaoneka kuti mzimu wakwiya, anali kuthira nsembe ya ufa ndi mowa pa kacisi, n'kufufuza amene waswa mwambo.

Munthu wa masiku ano angaseke, koma aone phindu lake. Mudzi umene umafunsa kuti "talakwanji?" umayamba wadziyang'ana wokha: ndani anasiya khola lotsegula, ndani analima pamalo oletsedwa, ndani anatuma mwana kumtsinje dzuwa litalowa. Ndiponso suyambitsa nkhondo ndi mikango yonse cifukwa ca mkango umodzi. Cilombo cimene cazolowera kudya anthu cinali kusakidwa, cikopa cake n'kupita kwa mfumu, koma zinazo zinali kusiyidwa.

Mkango m'manja mwa amphamvu

Tisaganize kuti zonse zinali zokoma. Cikhulupiriro cimene cimapatsa ulemu cimapatsanso mphamvu, ndipo mphamvu imakopa abwino ndi oipa omwe.

M'zaka za m'ma 1870 ndi 1880, pafupi ndi Zumbo panali munthu woopsa dzina lake José do Rosário Andrade, amene anthu anali kumudziwa monga Kanyemba. Anali ndi gulu lalikulu la Acikunda onyamula mfuti, ndipo analemera ndi minyanga ya njovu ndi akapolo ogwidwa m'midzi ya m'cigwa ca Zambezi ndi Luangwa. Malo a pamalire a Zimbabwe oyang'anana ndi tauni ya Luangwa akali kuchedwa Kanyemba mpaka lero. Atamwalira, Acikunda anati mzimu wake wakhala mhondoro, ndipo anayamba kuupempha mvula. Munthu amene anafika ndi mfuti anasanduka mwini nthaka polowa mu mkango. Kwa Acikunda, amene ambiri anali ana a akapolo ocokera m'mitundu yosiyanasiyana, mzimu umenewu unawapatsa kholo limodzi ndi dziko lochula kuti kwathu. Kwa midzi imene iye anaiwotcha inali nkhani ina.

Mizimu yomweyi ndiyo inalimbana ndi atsamunda. Pa nkhondo ya 1896 ndi 1897 ku Zimbabwe, mayi wina dzina lake Charwe, amene mzimu wa Nehanda unali kulankhuliramo, anali mmodzi wa amene azungu anawaopa kwambiri. Anamuzenga mlandu wa imfa ya Henry Pollard, mkulu wa boma la atsamunda ku Mazowe, ndipo anamunyonga ku Salisbury pa 27 Epulo 1898 pamodzi ndi mwamuna wa mzimu wa Kaguvi. Patapita zaka zoposa 70, anyamata a ZANLA polowa m'dera la Dande anapeza kuti anthu a m'midzi sangawalandire popanda cilolezo ca mhondoro. Mu 1972 ananyamula pamacira nkhalamba ina imene inali kulankhulira Nehanda pa nthawiyo, nawoloka nayo Zambezi mpaka ku msasa wa Chifombo, pafupi ndi malire a Zambia ndi Mozambique, kumene inamwalira mu 1973. Ciboliboli ca Nehanda cinaimikidwa pakati pa mzinda wa Harare mu 2021.

Mbali yowawa kwambiri ndi ya mkango wotumidwa. Pakati pa 2002 ndi 2003, m'boma la Muidumbe kumpoto kwa Mozambique, mikango inapha anthu pafupifupi 50. Anthu anati si mikango wamba, ndi yopangidwa. Magulu okwiya anapha anthu oposa 20 powaganizira kuti ndiwo eni ake a mikangoyo. Funso lakuti "talakwanji?" litasanduka lakuti "watuma ndani?", mudzi unayamba kudzidya wokha. Ife a m'komboni tikudziwa momwe khamu limathamangira likangomva liwu lakuti mfiti, ndipo tikudziwa kuti kawirikawiri amene amagwidwa ndi nkhalamba yopanda woiteteza.

Nyama za boma

Pangano la anthu ndi mikango linayamba kung'ambika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. M'ma 1890 mliri wochedwa rinderpest unapha ng'ombe, njati ndi nyama zina zosawerengeka kucokera kumpoto kwa Africa mpaka ku Cape. Mkango ukazingwa umadya udzu, umatero mwambi, koma kunena zoona umayamba wayendera khola ndi mudzi. Pa nthawi yomweyo kunafika atsamunda ndi mfuti zamphamvu. Kwa iwo mkango unali mdani wa ziweto woyenera kuphedwa, kapena mutu wokakoleka pacipupa. Amishoni anaphunzitsa kuti kuombera cilombo m'manja ndi kupembedza mafano. Malamulo atsopano analetsa anthu akuda kusaka monga kale, ndipo mphamvu ya mafumu pa nyama inapita kwa bwanamkubwa.

Mu 1938 boma linapatula malo osungirako nyama m'cigwa ca Luangwa, ndipo mu 1972 South Luangwa inakhala paki. Mapakiwa anapulumutsa nyama zambiri, ndipo lero Luangwa, Kafue ndi Lower Zambezi ali m'gulu la malo ocepa mu Africa kumene mikango ikali yambiri. Koma anasinthanso kaganizidwe. Nyama zinakhala uko, anthu kuno, mzere pakati. Lamulo la nyama zakuthengo la 2015 limaika umwini wa nyama zonse m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko. N'cifukwa cake mlimi wa ku Mambwe amene njovu zamudyera cimanga amati "nyama za boma zandiwonongera." Mkango umene unali mfumu yake wasanduka katundu wa munthu wina wokhala ku Lusaka.

Nkhani ya ku Mfuwe ikuonetsa bwino kusinthaku. Mu 1991 mkango waumuna wopanda manyenje unapha anthu 6 m'midzi ya Akunda pafupi ndi paki. Utapha mayi wina, unabwerera kunyumba kwake, n'kutenga thumba loyera la zovala, n'kumayenda nalo pamudzi ukubangula. Masiku otsatira anthu anali kuuona ukuseweretsa thumbalo. Akuluakulu anati uwu si mkango wa m'thengo. Alenje anayesa kuubisalira koma unali kuwazemba. Pomalizira pake mlenje wa ku America, Wayne Hosek, anaupha mu Seputembala caka comweco atadikira usiku wambiri pobisalira. Unali wautali kupitirira mamita 3 kucokera kumphuno kufika kumcira. Cikopa cake sicinapite kwa mfumu iliyonse ya Akunda. Mkangowo uli m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Field Museum ku Chicago, ndipo mwana wa ku Mfuwe wofuna kuuona afunika viza.

Mu 2017 akatswiri amene anapima mafupa ake analengeza kuti cibwano cake cinali covulala kwambiri, zimene zikanaulepheretsa kugwira njati. Akuluakulu a ku Mfuwe anati ufiti, akatswiri anati cibwano. Mayankho ndi osiyana, koma onse anayambira pa mfundo imodzi imene makolo anali kuidziwa: mkango wabwinobwino sudya anthu, ndipo ukayamba kutero pali cimene calakwika.

Waghoba wa ku Mumbai

Tsopano tiwoloke nyanja. Mumbai ndi mzinda wa kumadzulo kwa India, m'cigawo ca Maharashtra, ndipo pamodzi ndi madera ouzungulira uli ndi anthu oposa 20 miliyoni. Mkati mwake muli nkhalango ya Sanjay Gandhi National Park, yokula pafupifupi makilomita 100 m'bwalo, ndipo mmenemo mumakhala akambuku oposa 40. Nyumba zosanja, misewu ndi makomboni zafika mpaka pampanda. Usiku akambuku amatuluka kukagwira agalu osokera amene amadya pa zinyalala. Tayerekezani kambuku akuyenda pakati pa Kalingalinga ndi Mtendere anthu ali m'tulo.

M'nkhalangomo, m'dera loyandikana nalo la Aarey, ndi m'maboma a Thane ndi Palghar, mumakhala Awarli, mmodzi wa mitundu yakale ya ku India. Dziko limawadziwa cifukwa ca zojambula zawo: tianthu ta makona atatu tolembedwa ndi phala loyera la mpunga pa cipupa ca dothi lofiira. Jivya Soma Mashe, amene anamwalira mu 2018, ndiye anachukitsa luso limeneli kunja. Koma Awarli ali ndi cina cimene cikutikhudza ife. Amapembedza Waghoba.

M'cinenero ca Marathi, wagh ndi taiga, komanso liwulo limagwira nchito pa kambuku. Waghoba ndi mulungu wa zilombo ziwirizi. Ataiga anatha kalekale kuzungulira Mumbai, motero wagh amene Awarli a kumeneko amakumana naye lero ndi kambuku, amene ku Luangwa amati kaingo. Kacisi wa Waghoba nthawi zambiri amakhala polowera m'mudzi: thabwa kapena mwala wosemedwa cithunzi ca cilombo, kawirikawiri pamodzi ndi dzuwa ndi mwezi, wopakidwa ufa wofiira. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2021, wocitidwa ndi Ramya Nair, Vidya Athreya ndi anzawo, anapeza akacisi otere oposa 150 m'maderawa. Caka ciliconse, ca m'nyengo ya Diwali, kumakhala mwambo wa Wagh Baras. Anthu amapereka maluwa, kokonati, mowa wa mgwalangwa, nkhuku kapena mbuzi, namacezera usiku wonse akuimba ndi kuvina.

Nthano imodzi ya ciyambi cake imati mayi wina anabereka mwana amene anali kusanduka wagh n'kumagwira ziweto za pamudzi. Anthu atafuna kumupha, mayiyo anawadandaulira. Anapangana kuti mwanayo apite kukakhala m'nkhalango, ndipo anthu adzamumangira malo polowera m'mudzi n'kumamupatsa cakudya cimene amakonda pa nthawi yake. Taonani kuti m'nthanoyi cilombo ndi mwana wa pamudzi pomwepo. Ndi m'bale wovuta amene simungamuphe ndipo simungagone naye nyumba imodzi, conco mumagawana malo.

Kambuku akagwira mbuzi, Awarli ambiri amati watenga gawo lake, kapena amafunsa ngati mwambo unasungidwa bwino. Limeneli ndi funso lomwe lija la ku Zambezi. Sikuti saopa. Akambuku a ku Mumbai anaphapo anthu, makamaka ana, ndipo zaka za 2002 mpaka 2004 zinali zoipa kwambiri. Koma Awarli amadziwa nthawi imene cilombo cimayenda, salola mwana kutuluka yekha kukada, ndipo akaciona safuula kuti ciphedwe. Amene amathamangira kuitana boma kuti lichere misampha nthawi zambiri ndi obwera a m'nyumba zosanja. Kafukufuku wa Athreya m'dera la Junnar anaonetsa kuti kugwira akambuku n'kukawatula kumalo acilendo kunawonjezera ngozi pa anthu, cifukwa kambuku wosokonezeka pamalo osawadziwa ndi woopsa kuposa amene wakhala pamalo ake zaka zambiri. Sayansi inafika pamene Awarli anali kale: mnansi amene mukumudziwa musiyeni akhale.

Kusiyana kulipo. Waghoba ndi mulungu payekha, pamene mhondoro ndi mzimu wa munthu amene analamulirapo. Koma nchito yake ndi imodzi. Zonse ziwiri zimapatsa anthu njira yolandirira kutayika kwa mbuzi popanda kubwezera pa thengo lonse, ndipo zimaika mbali ya mlandu pa anthu eni ake.

Mkango wa ku Liuwa

Kuno kwathu maganizo amenewa sanatheretu. Kumadzulo kwa Zambia, m'cigwa ca Liuwa cimene Litunga Lewanika anacipatula m'zaka za m'ma 1800, kupha nyama mozemba pa nthawi ya nkhondo ya ku Angola kunamaliza mikango yonse kupatula umodzi waukazi. Anauchula Lady Liuwa. Unakhala wokha zaka zambiri, nthawi zina n'kumatsatira anthu ojambula mafilimu ndi kugona pafupi ndi msasa wawo. Alozi a m'deralo anati ndi mzimu wa Mambeti, mayi wakale amene anaikidwa m'cigwamo, pa kankhalango kamene mkangowo unali kukonda kupumulapo. Mkango wokhala wokha pakati pa midzi yoweta ng'ombe ukanatha kuphedwa mosavuta ndi nyama yothira poizoni. Uwu unakalamba. Bungwe la African Parks, limene linayamba kuyang'anira pakiyo mu 2003, linabweretsa mikango ina kucokera ku Kafue kuyambira mu 2009. Lady Liuwa sanabereke, koma anathandiza kulera ana a mkango mnzake, ndipo anafa ndi ukalamba mu Ogasiti 2017.

Zotsalira kwa ife

Palibe amene akukupemphani kumanga kacisi wa mkango kuseri kwa kantemba ku Chawama. Ambiri a ife timapita ku chalichi kapena ku mzikiti, ndipo zimenezo zili pakati pa munthu ndi Mulungu wake. Koma mbiri iyenera kuweruzidwa mwacilungamo. Tikamva kuti makolo anali kuombera cilombo m'manja, timafulumira kunena kuti unali umbuli kapena usatana. Amenewo anali anthu okhala ndi vuto lenileni, lakuti nyama yotha kupha ng'ombe ndi dzanja limodzi imamwa pa citsime cawo. Analithetsa ndi zida zimene anali nazo, ndipo pamene anali kucoka anatisiyira dziko lokhala ndi mikango. Ife a mfuti, mawaya ndi mapaki tili mu Africa imene yatsala ndi mikango yosapitirira 25,000.

Nkhaniyi ikukhudza abale athu enieni. Ku Mambwe, Nyimba, Luangwa ndi Chiawa kuli amalume ndi azakhali amene caka ciliconse amataya mbuzi, ng'ombe, minda, nthawi zina moyo, cifukwa ca zilombo zimene alendo amalipira madola kuti azione. Malamulo owakhudza amalembedwa muno mu Lusaka, ndipo ena mwa inu amene mukuwerenga pafoni mudzakhala m'maofesi amenewo. Phunziro la Zambezi, la Liuwa ndi la Awarli n'lakuti anthu amapirira cilombo cimene amacitenga ngati cawo. Cimene auzidwa kuti ndi ca boma amacithira poizoni.

Ndipo pali nchito imene simufunika digiri kuti muigwire. M'nyumba zambiri za ku Matero, George ndi Mtendere mukali ambuya amene anakulira kumudzi asanabwere ku tauni. Afunseni kuti mfumu ya kwawo ikamwalira anthu anali kumva ciyani usiku. Afunseni kuti anali kusiyanitsa bwanji mkango wa mzimu ndi wotumidwa, ndani anali kuthira nsembe, ndi mau otani amene mlenje anali kunena asanalowe m'thengo. Jambulani mau awo pafoni, lembani dzina la mudzi ndi la mfumu. Zambiri zimene tikudziwa za mikango ya makolo athu zinalembedwa ndi alendo monga Livingstone, amene anali kumva kudzera mwa womasulira ndipo nthawi zina anali kuseka. Ambuya anu angakuuzeni m'cinenero canu, mutakhala nawo pamphasa, malinga muwafunse akali moyo.